Tinkafuna Malo Amodzi Owerengera Nkhani

Pa ana a ku Mulanje omwe tikuphunzira zauphunzitsi pano, tilipo asanu amene timakonda kukhalira limodzi, ndipo palibe mmodzi mwa ife amene amawerenga nkhani pa chipangizo chimodzi mlungu wonse. Masana timakhala pa makompyuta a m'labu, omwe amaiwala munthu akangodzuka pampando. Madzulo tili pa mafoni athu, ambiri a itel ndi Tecno, odzaza kale ndi manotsi ndi mavidiyo a kwaya. Laputopu ilipo imodzi, ya mnzathu amene anasiyiridwa ndi amalume ake, ndipo imayendayenda m'zipinda ngati mtondo wa pamudzi. Tchuthi chikakwana timabalalika: wina ku Chitakale, wina ku Limbuli, wina ku Likhubula, awiri cha ku Muloza. Kumeneko magetsi akazima masiku awiri, foni yomwe yatsala ndi moto imakhala ya achemwali kapena ya achimwene, ndipo amatibwereka kwa mphindi zochepa iwo ataima pomwepo.

Kwa nthawi ndithu sitinkaona vuto, chifukwa m'mafoni athu munabwera kapulogalamu kosonkhanitsa mitu ya nkhani. Tinkasankha zomwe tikufuna, iko n'kumatibweretsera. Kenaka kanasintha nkhope. Malo osankhira manyuzipepala anasowa, ndipo munadzaza zotsatsa malonda, miseche ya anthu otchuka a kunja ndi mavidiyo oyamba okha, omwe amatha bandulo munthu usanawerenge mzere. Pa kompyuta kapulogalamuko kunalibe. Foni ya mnzathu wina itagwera m'madzi, iye n'kugula ina, anapeza kuti nkhani zonse zomwe anasungira asayimenti yake zapita ndi foni yakale. Apa m'pamene tinayamba kufunafuna cholowa m'malo. Tinkafuna mndandanda wa nkhani womwe ndi wathu, woti tikausiya pa kompyuta ya m'labu tikaupeze pa foni pomwe tinalekezera.

Ena mwa inu mufunsa kuti kodi WhatsApp ndi Facebook zachepa? Pa kucheza sizinachepe. Koma ife tikukonzekera kukaima kutsogolo kwa kalasi. Ku sekondale ya mpingo komwe ambiri a ife tinaphunzira, foni inali yoletsedwa. Nkhani tinkazipeza mu laibulale, m'nyuzipepala yomwe nthawi zambiri inkafika itagona tsiku. Inali yochedwa, koma pamwamba pake panali dzina la nyuzipepala ndi tsiku, ndipo pansi pa mutu panali dzina la mtolankhani. Aphunzitsi athu a Social Studies ankati ukanena chinthu m'kalasi, funso loyamba linali lakuti, "Mwaziwerenga kuti, ndipo zinalembedwa liti?" Mayankho analipo. Ngakhale tsamba la Chichewa la Tamvani, lomwe tinkalimbirana ikafika Weekend Nation, linali ndi tsiku lake.

Titatuluka ku sekondale n'kugwira mafoni, tinalowa m'dziko lomwe nkhani zimafika zopanda tsiku, zopanda mwini. Chithunzi cha mlatho wokokoloka chimazungulira chaka chilichonse mvula ikayamba. Kalata yokhala ndi chidindo imabwera pa gulu, anthu n'kuyamba kukangana asanafunse ngati ofesi yomwe yatchulidwayo ikuidziwa. Chaka chamawa tikupita ku teaching practice, ndipo ena tapempha kuti atitumize kwathu konko. Tikudziwa kale kuti mwana wa Fomu 2 adzakweza mkono n'kufunsa kuti, "Madamu, n'zoona kuti mayeso asinthidwa tsiku?" kapena, "Sala, akuti kukubweranso namondwe wina?" Mphunzitsi amene angayankhe kuti wangoona pa gulu ndiye kuti waphunzitsa kalasi yonse kuti kuona pa gulu n'kokwanira.

Funso la namondwe kwathu si lachibwana. Freddy analowa kachiwiri ku Mozambique cha ku Quelimane pa 11 Malichi 2023, ndipo masiku otsatira mvula yake inakhuthukira ku Blantyre, Chiradzulu, Phalombe ndi Mulanje. Pa 13 Malichi boma linalengeza kuti chigawo chakummwera chagwa m'ngozi. Anthu oposa 1,000 anamwalira m'dziko muno. Bungwe loona zanyengo padziko lonse linadzatsimikiza kuti namondweyo anakhala masiku 36, kuposa wina aliyense m'zolembedwa zake. Akuluakulu kwathu anayerekeza ndi napolo wa ku Phalombe wa mu 1991, ndipo ambiri anati uyu anaposa. Ife tinali ku sukulu zogonera komweko, tikukonzekera mayeso, makolo ali kunsi kwa phiri. Mafoni kumudzi sankagwira. Zomwe zinkatifika kudzera mwa aphunzitsi ndi alendo zinali zosakanikirana: mayina a midzi yomwe akuti yatheratu koma ilipo, ndi midzi ina yomwe inavutikadi koma palibe ankaitchula. Kuchokera nthawi imeneyo, mawu akuti "ndamva" satikhazika mtima pansi. Timafuna kudziwa amene wanena ndi ola lomwe wanenera.

Amene anatitsegula maso ndi mnzathu wa m'chipinda choyandikana, wophunzira zamakompyuta. Anatifotokozera chinthu chakale chomwe ambiri amsinkhu wathu sanachimvepo, dzina lake RSS. Tsamba la nyuzipepala pa intaneti lili ndi khomo lakutsogolo lomwe tonse timalidziwa, lodzaza zithunzi ndi zotsatsa. Koma masamba ambiri alinso ndi kakhomo kakuseri: kafayilo komwe kamangolemba mutu wa nkhani iliyonse yatsopano, tsiku ndi ola lomwe yatuluka, dzina la mlembi, ndi ndime zoyamba kapena nkhani yonse. Pulogalamu yowerengera imayenda m'timakomo tonse tomwe mwaisonyeza, n'kutola zatsopano zokha, monga momwe amayi athu othyola tiyi m'maesiteti amatolera masamba awiri ndi kansonga, osakhudza akale. Ikatola imaziyala motsatana ndi nthawi. Siiwonjezera nyuzipepala yomwe simunaitchule, ndipo siibisa nkhani poganiza kuti simungaikonde.

Njirayi inayamba ku kampani ya Netscape mu 1999. Chomwe chinatigwira mtima ife azauphunzitsi n'chakuti m'gulu lomwe linalemba mtundu wina wa RSS mu 2000 munali Aaron Swartz, ali ndi zaka 14. Umenewo ndi msinkhu wa ana a Fomu 1 omwe tidzawauze kuti akhale chete.

Tinadabwa kumva kuti vuto lathu linagwerapo anthu ambirimbiri ife tili ku pulayimale. Google inali ndi chowerengera chake, Google Reader, chomwe chinayamba mu Okutobala 2005, chaka chomwe ena a ife tinabadwa. Pa 13 Malichi 2013 kampaniyo inalengeza kuti ichitseka, ndipo pa 1 Julayi chaka chomwecho chinatsekedwadi. Anthu anathamangira kwina. A Feedly ananena kuti m'maola 48 okha analandira anthu atsopano oposa 500,000. Posachedwapa zachitikanso ndi Pocket, pulogalamu yosungira nkhani zoti udzawerenge bwino, yomwe Mozilla inaitseka pa 8 Julayi 2025. Choncho ngakhale makampani akuluakulu amatseka zinthu zomwe anthu anazolowera. Amene anasamuka mosavuta mu 2013 ndi omwe anatulutsa mndandanda wawo m'kafayilo kotchedwa OPML. Kafayiloka n'kakang'ono kwambiri, kamangosunga maadiresi a masamba omwe mumawerenga ndi mafoda omwe munawaikamo, ndipo pafupifupi chowerengera chilichonse chimakalandira. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tisanasankhe n'komwe pulogalamu, tinagwirizana kuti yomwe siilola kutulutsa OPML sitiiyang'ananso kawiri.

Tinayesa zinayi, ndipo zinatitengera pafupifupi temu yonse, chifukwa kuyesa kwenikweni kunali pa tchuthi.

Zitatu mwa izo, Feedly, Inoreader ndi NewsBlur, zimagwira ntchito mofanana. Mumatsegula akaunti, ndipo mndandanda wanu umasungidwa pa makompyuta a kampaniyo, pamodzi ndi chizindikiro cha nkhani zomwe mwawerenga ndi zomwe mwasunga. N'chifukwa chake mukalowa pa foni, pa laputopu kapena pa kompyuta ya m'labu mumapeza zofanana. Zonse zili ndi gawo laulere lokhala ndi malire. Pa nthawi yomwe tinkayesa, Feedly inkalola masamba 100, Inoreader 150, NewsBlur 64. Malirewo sanatidetse nkhawa, popeza mndandanda wathu sufika n'komwe pa 30. Magawo olipira amagulidwa ndi madola, ndipo kwa mwana wa sukulu wopanda khadi la kubanki loti n'kugulira kunja, m'dziko lomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nkhani imeneyo inatha isanayambe. Mnzathu wa zamakompyuta uja anatiuzanso za FreshRSS, yomwe munthu amadziikira yekha pa seva yake kuti pasakhale kampani yodzamutsekera. Lingalirolo ndi labwino, koma seva nayonso ndi ya madola mwezi ndi mwezi.

Yachinayi, Feeder, ndi ya mtundu wina. Ndi ya mafoni a Android okha, siifuna akaunti, ilibe zotsatsa, ndipo nkhani ikazitsitsa imazisunga m'foni momwemo. Ubwino wake tinauona kumudzi. Cha ku Muloza netiweki imabwera n'kupita, ndipo nthawi zina foni imagwira ya ku Mozambique. Anzathu awiri a kumeneko ankati akapita kumsika, komwe netiweki ili bwino, amatsegula data mphindi zochepa, foni n'kutola zonse, ndipo amakawerengera kunyumba madzulo data ili chotseka. Koma Feeder simungaitsegule pa kompyuta ya m'labu, ndipo ife vuto lathu loyamba linali lomwelo.

Apa tinagawanika. Atatu tinkati titenge Inoreader basi, chifukwa imatsegulidwa pa chipangizo chilichonse chokhala ndi intaneti, ngakhale pa foni yobwereka. Awiri a ku Muloza ankati chowerengera chomwe chimadalira netiweki nthawi zonse n'cha anthu a m'tauni. Wina anati tigwiritse ntchito zonse ziwiri, mnzake n'kumuyankha kuti mapanga awiri avumbwitsa: nkhani yomwe wawerenga uku ikaonekanso uko ngati yatsopano. Ananena zoona, zimaonekadi kawiri. Komabe titayeza, tinaona kuti kuona mutu wa nkhani kawiri n'kopepuka kusiyana ndi kukhala milungu itatu ya tchuthi osawerenga kanthu. Pano pa koleji timagwiritsa ntchito cha akaunti, kumudzi cha m'foni, ndipo zonse ziwiri timazidyetsa kafayilo kamodzi ka OPML. Kafayiloko aliyense anadzitumizira pa imelo, ndipo kenanso kali pa memori khadi. Aliyense ali ndi akaunti yake. Tinakana zogwiritsa ntchito imodzi tonse, chifukwa wina akawerenga nkhani imazimiririka kwa onse, komanso m'labu munthu mmodzi akaiwala kutuluka ndiye kuti watisiya poyera tonse asanu.

Nkhani ya bandulo ndi yofunika kuinena mosabisa, chifukwa ndi yomwe ingabweze ambiri mwa inu. Makampani a mafoni kuno amagulitsa mabandulo apadera a WhatsApp ndi Facebook, ndipo ambiri timagula amenewo. Chowerengera cha RSS sichiyenda pa mabandulo amenewo, chimafuna bandulo ya intaneti yonse. Zikutanthauza kuti mphekesera imafika pa mtengo wotsika kuposa nyuzipepala. Chomwe chimatipulumutsa n'chakuti mawu okha salemera. Tikazimitsa zithunzi m'chowerengera, bandulo yaing'ono imatikwanira masiku angapo, pomwe kavidiyo kamodzi kakanaitha nthawi imodzi. Ndipo tsiku lonyamuka kupita kwathu timadzaziratu mafoni pa Wi-Fi ya pano, kuti ulendo wautali wa pa minibasi tiuthere powerenga.

Kupeza timakomo takuseri tija sikunavute. Masamba ambiri a nkhani anamangidwa ndi WordPress, ndipo pa oterowo mumangowonjezera /feed kumapeto kwa adiresi. Nthawi zambiri chowerengera chimakapeza chokha mukangolemba adiresi ya nyuzipepala. Mu foda ya zakuno tinaikamo Nation Online, Nyasa Times, Malawi24 ndi gawo la Malawi la allAfrica. Mu ya zakunja muli BBC, gawo la Africa. Mu ya zanyengo ndi ngozi muli ReliefWeb, tsamba la bungwe la United Nations lomwe limasonkhanitsa malipoti a ngozi dziko lililonse palokha, ndi GDACS, yomwe imachenjeza za anamondwe, zivomezi ndi kusefukira kwa madzi.

Foda yomwe timainyadira ndi ya "Kwathu". Google Alerts imalola munthu kulemba liwu lomwe akufuna kulilondola, ndipo zotsatira zake zingabwere ngati RSS m'malo mwa imelo. Tinalemba "Mulanje". Zambiri zomwe zimabwera ndi za alendo okwera phiri, onyadira kuti afika pa Sapitwa, mamita 3,002. Timaziwerenga tikumwetulira, chifukwa ena a ife tinabadwira kunsi kwake ndipo sitinapondeko. Koma m'menemo mumabweranso za mitengo ya tiyi, za mkungudza womwe ukutha, za anthu ofuna kukumba miyala pa phiri. Mu Julayi 2025, UNESCO itaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha chikhalidwe cha anthu ozungulira, nkhaniyo inalowa m'fodamo kuchokera m'manyuzipepala angapo, a kuno ndi a kunja. Kuwerenga momwe aliyense anailembera, ena akutsindika za alendo ndi ndalama, ena za mizimu ndi miyambo, kunali ngati phunziro lathunthu.

Mayeso enieni anali chisankho cha pa 16 Seputembala 2025. Zotsatira za mtsogoleri wa dziko zinalengezedwa pa 24, ndipo m'masiku apakatiwo magulu a WhatsApp anadzaza manambala, aliyense ndi ake. Ife asanu sitigwirizana pa ndale, ndipo sitinayese n'komwe kugwirizana. Koma tinali ndi njira imodzi yothetsera mkangano: tsegulani foda, tione ngati nyuzipepala ziwiri zosiyana zalemba zimenezo, komanso ngati zikunena kuti zachokera ku bungwe loyendetsa zisankho. Nthawi zambiri chomwe chinkazungulira pa gulu m'fodamo munalibe. Manyuzipepala nawo ali ndi mbali zawo ndipo amalakwitsa, koma ali ndi dzina ndi adiresi, ndipo mawa lake mungabwerere kukaona ngati akonza.

Pali phindu lina laling'ono lomwe sitinaliyembekezere. Lachisanu dzuwa likamalowa timatseka data. Pa Facebook, zomwe zadutsa m'maola amenewo zimakwiririka, ndipo munthu amatsala ndi kamtima koti mwina china chamupitirira. Chowerengera chimangodikira. Sabata ikatha timapeza nkhani zonse zili pamzere wake, kuyambira ya Lachisanu usiku, ndi nambala pambali yosonyeza kuti zatsala zingati. Ukafika pansi, zatha. Tinali titaiwala kuti nkhani za tsiku zimatha, monga momwe nyuzipepala ya mu laibulale ija inkathera pa tsamba la zamasewero.

Koma tisakunamizeni kuti chilichonse chimalowa m'thumba limeneli. Masamba a pa Facebook alibe RSS, ndipo kuno zilengezo zambiri zofunika zimayambira kumeneko ndi pa wailesi: machenjezo a nthambi yoona zanyengo, mauthenga a DoDMA, zilengezo za MANEB. Zimafika m'chowerengera chathu pokhapokha nyuzipepala ikazilemba, ndipo pa nkhani ya madzi osefukira maola angapo ndi ambiri. Choncho Facebook sitinaisiye. Timalowa mwadala pa masamba a maofesi amenewa, kuona zomwe tabwerera, n'kutuluka. Tikanakonda tsiku lina chenjezo lililonse la zanyengo litamaikidwanso m'kafayilo ka RSS, chifukwa n'kopepuka ndipo kamafika ngakhale pa netiweki yofooka.

Chinanso n'chilankhulo. Pa mndandanda wathu wonse, pafupifupi zonse ndi za Chingerezi. Za Chichewa zimabwera mwa apo ndi apo, ndipo za Chilhomwe, chomwe agogo athu ena amalankhula, sitinapezepo. Makolo athu ali ndi timafoni ta mabatani ndi wailesi. Nkhani zawo amazimva pa Mzati FM, pa Zodiak ndi pa MBC, ndipo batire ya wailesi imakhalitsa kuposa ya foni iliyonse yomwe tili nayo. Pa masiku a Freddy, amene anali ndi wailesi ndi omwe ankauza anzawo. Ife zomwe tingawonjezere n'zochepa koma zilipo: timaona namondwe akadali m'nyanja kuseri kwa Madagascar, masiku angapo asanayandikire, ndipo timatha kuimba kumudzi n'kunena kuti, "Amayi, musazimitse wailesi mlungu uno, ndipo chimanga chija muchikweze."

M'kalasi ya njira zophunzitsira tinapemphedwa kukonza phunziro la mphindi 40. Gulu lathu linatenga nkhani imodzi ya ku Mulanje monga momwe manyuzipepala awiri anailembera, ndi uthenga wa pa WhatsApp wonena za nkhani yomweyo, n'kuzikopera pa mapepala. Ntchito ya ophunzira ndi kupeza pa chilichonse amene walemba, tsiku, ndi munthu amene wafunsidwa. Phunzirolo silifuna foni m'kalasi, silifuna magetsi, limangofuna kuti mphunzitsi akhale ndi pomwe amasunga nkhani zake mwadongosolo ndi kuzipeza ngakhale foni yasintha. Tikufuna kukaliyesa pa ana enieni chaka chamawa.

Mvula yayandikira, ndipo foda ya zanyengo taikweza pamwamba pa ena onse. Tagwirizana kuti woyamba kuona chenjezo aziimba kaye kumudzi, kenaka n'kuuza enafe. Anzathu a ku Phalombe, Thyolo ndi Nsanje amene mukufuna kafayilo kathu, tipezeni m'labu Lachitatu madzulo mutatenga foni kapena fulashi. Mudzangosintha liwu la "Mulanje" n'kuikapo dzina la kwanu.